Manda a Che Jafali m'munda mwathu

Tereza, mtanda umene wazika kumunda uja ndauona. Wausema bwino, ndipo ndikudziwa kuti wachita zimenezi chifukwa cha chisoni, poona kuti mawa tikukalambula manda a abale athu onse pamene mtumbira wa pansi pa mtengo wa pichesi uja ulibe chizindikiro chilichonse. Komabe ukauzule. Usandikwinyire nkhope. Khalani pansi nonsenu, ndipo iwe Zakariya foniyo ilowe m'thumba, sindifuna kulankhula ndi liwombo lako. Ndikuuzani amene agona pamenepo, kenaka mundisiye ndipume, chifukwa nkhani imeneyi imanditopetsa kuposa khasu.

Inu ana mumandidziwa ngati nkhalamba yosinza m'tchalitchi. Kalelo ndinali katekisita, ndipo mawu ndinali nawo. Ndinaphunzira ku mishoni ya Fonte Boa, kuyenda wapansi m'chisanu cha mwezi wa Juni mapazi ali ming'alu yokhayokha, ndipo katekisimu yense ndinkamunena pamtima ngati nyimbo. Nditakwatira agogo anu aNangozo, anandipatsa katchalitchi ka udzu cha ku Lifidzi kuti ndizitsogolera mapemphero ansembe akapanda kubwera. Nsalu yoyera ya paguwa la katchalitchiko anasoka ndi agogo anuwo, chifukwa anaphunzira singano kwa masisitere, ndipo pakati pake anapetapo kamtanda ndi ulusi wofiira. Nsalu imeneyo muikumbukire.

Nkhondo itafika, anthu anathera ku Malawi. Mudzi umene lero wagona ndi anthu, mawa umaupeza muli agalu okhaokha. Katchalitchi kathu anakatentha a m'tchire, asilikali oukira boma aja, ndipo ine ndinangopulumutsamo nsalu ija, nditaikulunga m'chiuno mkati mwa malaya. Abale anatikakamiza kuti tiwolokere limodzi ku Dedza, koma ine ndine wouma mutu, mukundidziwa. Tinangosendera kuno kufupi ndi tauni ya Vila, kumunda uno wa m'mbali mwa msewu wa ku Tete, poganiza kuti pafupi ndi asilikali a boma pali chitetezo. Ndinasanduka mbusa wopanda nkhosa. Lamulungu ndinkatsogolera mapemphero a anthu atatu: ine, agogo anu, ndi gogo wina wogontha.

Masiku ano mukafuna kupita ku Tete mumangoima pamsewu, minibasi ya chapa n'kubwera, inu n'kumadandaula kuti mwapanikizana. Nthawi imeneyo galimoto siinkayenda yokha. Magalimoto akuluakulu a katundu, amene tinkawatcha makamiyau, ankasonkhana pa Vila kudikira koluna, ndiye kuti mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Koluna inalibe tsiku lodziwika, poopa kuti a m'tchire angamve. Choncho amotorisita, ndiye kuti madalaivalawo, ankatha sabata, nthawi zina ziwiri, atangokhala pansi pa makamiyau awo kumasewera bawo pa maenje okumba pansi. Ambiri mwa iwo anali Asilamu, Ayawo a kunyanja ndi ena ochokera kugombe.

Tsiku lina wansembe wachikulire amene anatsala kuno anandiitana. Anati poti nkhosa zanga zathawa, ndipite kwa anthu amene akubwera okha pakhomo pathu, ndikawauze za Yesu. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti anthuwo ndi Asilamu. Iwo anati akudziwa, ndipo anawonjezera kuti ngakhale mmodzi yekha atabatizidwa, ntchito yanga idzakhala yapindula. Mawu akuti mmodzi yekhawo anandilowa mumtima ngati minga. Ndinalumbira ndekha kuti nsalu ya paguwa ija sindidzayiyalanso mpaka tsiku la ubatizo wa motorisita wanga woyamba. Ndinaipinda n'kuiika pansi pa thumba langa la mabuku, ndipo kulikonse kumene ndinkapita inkapita nane.

Miyezi yoyamba ndinangotaya malovu. Ndinkaima pakati pa makamiyau n'kumalalikira monga ndinkachitira ku Lifidzi, iwo n'kumangoponya njere za bawo. Sankandinyoza, ndipo mwina kunyozako kukanakhala bwino. Ankangondiona ngati mvula yowaza, imene munthu amangoidikira kuti ikate.

Ndiye ndinaganiza nzeru. Ndinati anthu awa ndi alendo, ndipo mlendo sumuyamba ndi mawu ali ndi njala. Tinali ndi mbuzi imodzi, yomaliza, imene tinkaibisa m'nyumba poopa onyamula mfuti a mbali zonse ziwiri. Agogo anu anakana kwamtuwagalu, koma ine ndinaipha. Ndinaipha mwachingoni, kuibaya pamtima, magazi n'kuwalandira m'mbale. Inu ana a soseji simudziwa uwende. Ndi magazi ophika pamodzi ndi tizidutswa ta zam'kati ndi mafuta, ndipo kwathu kuno mbale ya uwende inkapita kwa akuluakulu ndi kwa mlendo wolemekezeka, osati kwa ana. Tinathiramo mchere wathu womaliza, umene tinkachita kuupima ndi nsonga ya mpeni. Ndinanyamula mphikawo pa njinga, ndili wonyada ngati mkamwini watsopano, n'kukautula pakati pa amotorisita aja. Ndinavundukula ndekha, ndi kuwafotokozera bwinobwino kuti awa ndi magazi enieni a mbuzi yanga yomaliza.

Bawo linaima. Wina ananyamuka n'kupita kuseri kwa kamiyau, wachiwiri anamutsatira, wachitatu analavula pansi. Ine ndinangoti kakasi, chivundikiro chili m'manja, osadziwa chimene ndalakwa. Anatsala munthu mmodzi, wamtali, wa imvi zapatalipatali m'ndevu, atavala kachipewa koyera kothimbirira ndi girisi. Anatenga chivundikirocho m'manja mwanga, navundikira mphikawo mwaulemu, kenaka anandikokera pambali.

"Mwalimu," anatero, poti ndi mmene iwo amatchulira mphunzitsi, "mwatilemekeza monga mmene kwanu mulemekezera. Ine ndaona. Koma ife magazi sitidya, ndipo nyama imene sanachinje Msilamu sitiikhudza. Bwererani nayoni, alamu adye."

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitenso. Zaka zonse za ku Fonte Boa, ndinkadziwa mayina a makhonsolo a mpingo, koma sindinkadziwa chimene munthu wa ku Mangochi sadya. Nditakwera njinga, munthu uja anandiitananso n'kundiuza kuti ngati ndikufunadi kuwathandiza, chimene akusowa ndi madzi. Mpopi wa pa Vila unali utafa, ndipo iwo amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere, kasanu pa tsiku. Anatinso ndikadzapeza nkhuku ndidzamuitane, mpeni ali nawo. Ameneyo ndiye anali Che Jafali.

Kunyumba agogo anu sanandilankhule masiku awiri. Uwende tinadya tokha ndi gogo wogontha uja, ndipo kwa ine sunakome.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wotunga madzi. Mbandakucha uliwonse ndinkatsikira kuchitsime chathu cha kudambochi ndi zigubu ziwiri, n'kuzimangirira pa njinga. Njinga yake inali yoti matayala tinkaphatikamo udzu, poti machubu kunalibe, ndipo ukaikwera mano ankachita kugundana. Iwe Zakariya ukadandaula za njinga yamoto ija kuti ndi yakale, ndimangokuyang'ana. Ndinkawathirira madziwo ndi chikho iwo akusamba, ine katekisita wa ku Fonte Boa, kenaka n'kukhala pambali kudikira kuti amalize kugwada pa makatoni awo. Akamaliza m'pamene ena ankandilola kulankhula, monga mmene umalolera munthu amene wakuthandiza kusenza katundu.

Che Jafali yekha ndiye ankamvetsera ndi mtima wonse. Ankakonda nkhani ya mwana uja wolowerera, ndipo ankandipempha kuti ndiibwereze, chifukwa nayenso anali ndi mwana wake wamwamuna amene anapita ku migodi osalembanso kalata. Za Yesu ankadziwa zambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ankamutcha Isa, ndipo potchula dzina la Amayi Maria ankatsitsa mawu. Koma tikafika poti Yesu ndi Mwana wa Mulungu amene anafa pamtanda, ankaseka pang'ono n'kupukusa mutu. Ankati pamenepo ndiye pamphambano pathu, ine ndikhotere kwanga iye akhotere kwake, tikakumana kutsogolo. Ndikamukakamiza kwambiri ankangoti, "Tsiku lina, Mwalimu," n'kuyamba nkhani ya matayala.

Mawu akuti tsiku linawo ndinawasunga ngati mbewu. Koluna ikapita, ndinkawerenga masiku. Ikabwera, ndinkathamangira kukaona ngati kamiyau yake yobiriwira ilipo, chifukwa ulendo uliwonse ena sankabwerako. Ankatitengera mchere wa ku Tete m'kathumba, nthawi zina kachidutswa ka sopo. Ife tikapeza nkhuku tinkaisunga mpaka iye abwere. Ankaichinja yekha paseri pa nkhokwe, atayang'ana kumpoto, akunong'ona mawu ake, ndipo tinkadyera mbale imodzi. Agogo anu, amene poyamba sankafuna n'kumva dzina lake lomwe chifukwa cha mbuzi ija, anafika pomamusungira kachewere wosankha. N'chifukwa chake mpaka lero pakhomo pano nkhuku ya alendo timakaitanira achimwene Achisilamu aja a pamsika kuti adzachinje, ndipo inu mumayesa ndi ulesi wanga.

Dzinja linabwera katatu. Wansembe uja ankandifunsa kuti zikuyenda bwanji, ine n'kumati pali mmodzi amene watsala pang'ono. Kunena zoona, ndinali nditatopa. Msana unayamba nthawi imeneyo, ndi zigubu zija. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndine mtumiki wa Mulungu kapena bulu wa Asilamu. Anthu ochepa amene anatsala kuno ankandiseka kuti akatekisita alowa Chisilamu, ndipo nsalu ija inayamba kuchita mizere yachikasu m'mopindamo.

Tsiku lakelo linali la mwezi wa Okutobala, kukutentha, mapichesi ali aang'onoang'ono. Koluna inanyamuka m'mawa ine ndili kuchitsime. Ndinamva makamiyau akudutsa pamsewu, kenaka chiphokoso chimodzi chachikulu chimene chinagwedeza madzi m'chitsime, kenaka mfuti. Ndinagona m'bango mpaka mfutizo zitaleka. Nditakwera kumtunda ndi njinga yanga ndi zigubu, ndinaona utsi pamsewu, kumapeto kwa munda wathuwu. Magalimoto a kutsogolo anali atathawira kutsogolo, a kumbuyo atabwerera ku Vila. Panatsala kamiyau imodzi itagwera m'ngalande, yobiriwira.

Ndinamupeza atadzikoka yekha mpaka pansi pa mtengo wa pichesi uja. Bala linali pamimba, ndipo sindikuuzani mmene linalili. Ndinaona nthawi yomweyo kuti uyu si wa kuchipatala. Maso anali atatseka, akupuma mobanika. Panalibe munthu wina aliyense, ine ndi iye basi, ndi madzi zigubu ziwiri.

Tsono mvetsani, inu amene mumathawa katekisimu. Tinaphunzitsidwa kuti munthu akakhala pafupi kufa, aliyense angathe kumubatiza, bola pakhale madzi ndipo munthuyo akhale kuti anafuna. Mawu ake ndi ochepa, satha ndi mpweya umodzi womwe. Ndinatunga madzi m'chikho chija, n'kugwada pamutu pake. Mumtima ndinkati anafuna, suja ankati tsiku lina, tsiku lake ndi lino. Ndinkati Mulungu wandipatsa yekha munthu uyu, wamugoneka m'munda mwanga, madzi ali m'manja mwanga. Ndinkaonanso nkhope ya wansembe uja ndikumuuza kuti mmodzi uja wapezeka. Ndisakunamizeni, zimenezonso zinalimo mumtima mwanga. Ndinakweza chikho pamwamba pa chipumi chake, ndipo dontho limodzi linamugwera pa chikope.

Anatsegula maso. Anayang'ana chikho, nayang'ana ine, ndipo anadziwa chimene ndinkafuna kuchita. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

"Mwalimu," anatero motsitsa, "nditembenuzeni. Nkhope iyang'ane kumene ndimayang'ana pochinja nkhuku."

Ndinakhala chigwadire, chikho chili m'mwamba. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Kenaka ndinachiika pansi, ndinamugwira paphewa ndi m'chiuno, n'kumugoneka chammbali kudzanja lamanja, nkhope kumpoto. Anayesa kutukula chala chake cholozera, monga mmene ndinkawaonera akuchita popemphera, koma dzanja linakana. Ndinaligwira ine dzanjalo, n'kumuimikira chalacho. Ananena mawu a chikhulupiriro chake ine nditamugwirira chala, ine katekisita. Atamaliza anati ali ndi ludzu. Madzi a m'chikho aja ndinamumwetsa pang'onopang'ono, ena akutayikira m'ndevu. Dzuwa lisanafike paliwombo anali atapita.

Ndinalira, koma kulira kwake kunali kosakanikira ndi mkwiyo. Ndinakwiyira iye, ndinadzikwiyira ndekha, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinakwiyiranso Mwiniwakeyo. Zaka zitatu za zigubu, ndipo pa mphindi yomaliza ndinathandiza munthu kufa ali Msilamu.

Masana anabwera amotorisita anayi a magalimoto amene anabwerera ku Vila aja, pamodzi ndi asilikali. Mmodzi wa iwo anali yemwe uja analavula pansi tsiku la uwende. Anati mwambo wawo sulola maliro kugona, ayenera kuikidwa dzuwa lisanalowe, ndipo kwawo n'kutali, msewu watsekeka. Ndinawauza kuti akumbe pomwepo, munda ndi wanga. Anamusambitsa ndi madzi a m'zigubu zanga, atatchinga ndi lona wa galimoto. Bokosi anati safuna, iwo amaika munthu m'nsalu yoyera basi. Koma nsalu yoyera nthawi ya nkhondo ukanaipeza kuti? Ife tomwe tinkavala masaka ndi makalamidade, zovala zakale zija za chithandizo. Anafunsana, anapita mpaka ku Vila, anabwerako chimanjamanja. Dzuwa linali litapendeka.

Agogo anu anali ataima chapatali ndi khasu limene anabwereka anthuwo. Anabwera pamene ndinakhala, natsegula thumba langa la mabuku, n'kutulutsa nsalu ya paguwa ija. Ndinawagwira dzanja. Ndinati nsalu imeneyi ndi ya Mulungu, ndinailumbirira, ikudikira tsiku la ubatizo.

"Yadikira mokwanira," anatero aNangozo. "Kodi munthu amene ankadya m'mbale mwathu apite m'saka la chimanga?"

Ndinawasiya. Ataitambasula, motorisita wolavula uja anaona kamtanda kofiira kaja, ndipo anangoyang'ana pansi. Agogo anu anaona zimenezo. Anakhala pansi pa mzere wa kachewere, anasolola lumo limene ankamanga pa nsonga ya chitenje, nayamba kudula ulusi uja umodziumodzi. Kamtanda kameneko anakapeta sabata zitatu titangokwatirana, ndipo masisitere anakaonetsa kwa anzawo onse ngati chitsanzo. Anakamasula konse, osasiya ndi kaulusi kamodzi komwe, akusolola ndi zikhadabo, misozi ikugwera pansaluyo. Atamaliza anaikung'untha, naipereka ndi manja awiri atagwada. Munthu uja anailandira ndi manja awirinso. Anamuika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, chammbali, nkhope kumpoto, ndipo n'chifukwa chake mtumbirawo unapingasa mosiyana ndi mizere ya m'munda.

Lamulungu lotsatira ndinapita kwa wansembe uja n'kuwauza zonse, za chikho, za chala, za nsalu. Ndinkayembekeza kuti andidzudzula, kapena anditonthoza ndi mawu a m'buku. Koma iwo anangondifunsa ngati madziwo anamwa. Ndinati anamwa. Anagwedeza mutu, nandiuza kuti ndipite ndikapume, mawa amotorisita adzafuna madzi. Sanandiuze kuti ndinachita bwino, sanandiuzenso kuti ndinalakwa. Anamwalira nkhondo isanathe, yankho ali nalo.

Madzi ndinapitiriza kutunga mpaka makoluna anatha. Za Yesu ndinapitirizanso kuwauza, ndipo kuyambira tsiku limenelo bawo linkaima ndikayamba kulankhula. Koma wobatizidwa panalibe, ngakhale mmodzi. Mukamva anthu akusimba za atumiki amene anatembenuza midzi yathunthu, dziwani kuti ine sindili m'gulu limenelo. Ine ndimakhulupirira mpaka lero zonse zimene ndinkamuuza Che Jafali, ndipo pali masiku amene ndimadzifunsabe ngati sindinam'mane chinthu chachikulu chifukwa cha ulemu. Zaka zonsezi ndalisenza funso limeneli, ndatopa nalo, ndipo ndikukalitula kwa Mwiniwake posachedwapa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthuyo anatsegula maso n'kunena chimene ankafuna, ndipo ine ndinamva.

Abale ake sitinawapeze. Ndinatumiza uthenga kudzera mwa anzake, koma palibe anabwera, kaya mwana wake wa ku migodi uja anamva kaya sanamve. Choncho abale ake ndife. Mawa mukachoka ku manda a kwathu mudzere kumunda, mukazule udzu pamtumbirapo, mukonzenso miyala ya m'mbali imene ng'ombe za Zakariya zinagumula. Ine miyendo siindilola kufika kumeneko kawiri pa sabata.

Tereza, misoziyo pukuta, sunalakwe. Mtanda wakowo usautaye, ukausunge kuseri kwa chitseko, udzaugwiritsa ntchito pa ine, ndipo sipatenga nthawi. Koma pamanda paja, agogo ako anachotsapo mtanda ndi lumo, ulusi umodziumodzi, ndipo iwo ankaukonda kuposa ife tonse. Pita ukauzule dzuwa lisanalowe.